Mankhwala a makoswe a aphunzitsi

Tsiku limene azakhali anatulukira kuti alongo awo akumwa mankhwala a makoswe, ine kunalibe. Ndinali kuntchito pa boma la Kasungu, ndipo nkhaniyo inandipeza pa foni, amayi akulankhula monong'ona ngati kwagwa zovuta. Mdzukulu wina wa azakhaliwo, amene foni sichoka m'manja mwake, anatola kapaketi ka mapiritsi a bambo pawindo n'kulemba dzina lake, warfarin, pa intaneti. Anangowerenga mizere iwiri, uyo liwiro kwa agogo ake. Pomwe dzuwa limalowa, mudzi wonse mpaka ku Chinkhoma unali utamva kuti ana a aphunzitsi anagulitsa ng'ombe zinayi, kupita ndi bambo awo ku India, n'kubwerako ndi poizoni.

Chovuta n'chakuti mwanayo sananame. Koma kuti ndifike pamenepo, ndiyambire pa chulu.

Bambo anaphunzitsa pulayimale zaka 32, ndipo mpaka lero aliyense amawaitana kuti aphunzitsi, ngakhale amayi amene. Atapuma analowa ulimi wa fodya wa bale monga anzawo onse kuno. Ankasutanso, chingambwe chopichira okha. Za BP ankazidziwa, koma mankhwala ake ankamwa pokhapokha mutu ukawawa. Chaka china anayamba kudandaula kuti akamakwera chulu cha kumunda, kapena akasenza mtolo wa fodya kupita nawo kuchigafa, pachifuwa pamalemera ngati wina wasanjikapo thumba la feteleza. Akakhala pansi pang'ono zinkatha. Tinkati ndi chilungulira. Usiku wina sizinathe, thukuta kamukamu, dzanja lamanzere likuwawa mpaka m'chibwano.

Ku Lilongwe anatifotokozera zimene ine, ndi sukulu yanga yonse, sindinkazidziwa. Mtima, umene umapopa magazi thupi lonse, nawonso uli ndi timitsempha take toudyetsa. Fodya, BP, shuga ndi mafuta zimachepetsa njira m'timitsempha timeneti pang'onopang'ono, ngati dzimbiri m'paipi ya mjigo. Tsiku lina m'kati mwa mtsempha mumang'ambika, magazi n'kuundana pomwepo kuti atseke bala, ndipo potseka balalo amatsekanso njira. Anawapatsa timapiritsi tiwiri, asipirini wa 75 mg ndi clopidogrel wa 75 mg. Dokotala sanayang'ane bambo, anayang'ana ine. "Mayi, awa asadumphitse ngakhale tsiku limodzi." Mawu amenewo ndinawamanga pansonga ya chitenje.

Za ndalama sindikambapo zambiri. Ng'ombe zinapita, ngolo inapita, a mpingo anasonkha, ana asukulu akale a bambo anatsegula gulu pa WhatsApp. Ine ndinapita ngati gadiyani chifukwa ndine wachisamba, komanso ndine ndekha ndinali ndi pasipoti.

Ku India anajambula mitsempha ya mtima n'kupeza kuti itatu yatsala pang'ono kutsekeratu. Dokotala anatenga pepala n'kutijambulira. Pamene patsekeka sakumbapo ayi. Amatenga mtsempha wina wa m'chifuwa momwemo, wina wa kumwendo, n'kuwasokerera kuti magazi azidutsa pambali. Dzina lake bypass. Bambo anayang'anitsitsa pepalalo n'kunditembenukira: "Ndiye ngati msewu uja wolambalala tauni ya Lilongwe, wochoka pa Bunda kukatulukira msewu wa Mchinji?" Ndinaseka koyamba m'milungu itatu. Kenako uphunzitsi unawagwira, anafunsa kuti nzeru imeneyi anaiyamba ndani. Dokotala anatchula René Favaloro wa ku Argentina, amene anaichita ku Cleveland, ku America, mu 1967. Bambo anawerengera pa zala n'kunena kuti chaka chimenecho iwo anali sitandade 3, osavala nsapato.

Ndiye dokotala yemweyo anati kuyambira lero clopidogrel asiye, opaleshoni ichitika pakatha masiku 5. Asipirini yekha apitirize.

Ndinakana. Ndikuchita manyazi polemba izi, koma ndinatsutsana ndi munthu amene watsegula zifuwa za anthu moyo wake wonse, ndikumuuza zimene anandiuza ku Lilongwe. Mumtima ndinkaganizanso zina, zoti masiku asanu amenewo ndi njira yotidyera madola ku nyumba ya alendo imene tinkagona. Iye sanapse mtima. Anati m'magazi muli tizidutswa ting'onoting'ono, mapulateleti, timene timathamangira pa bala n'kumatana ngati njerwa zoyamba za khoma. Clopidogrel akakhudza kachidutswa kamodzi, kameneko sikadzamatanso mpaka kufa kwake, ndipo moyo wake ndi masiku 7 mpaka 10. Palibe jakisoni woti n'kukadzutsa. Chimene angachite n'kudikira kuti thupi lipange tatsopano tokwanira. Kutsegula chifuwa tisanakwane, munthu amatha kutaya magazi osaleka, mpaka kubwerera naye ku fiyeta usiku womwewo. Asipirini nayenso amagwira mapulateleti, koma iye amamusiya dala, poti mitsempha yotsala pang'ono kutseka ija siingakhale masiku asanu popanda mlonda aliyense.

Pa bedi loyandikana nafe panali bambo wina wa ku Tanzania amene ankamwa ticagrelor. Iye anamuuza masiku 3 okha, ndipo ndinamuchitira kaduka ngati wawina mpikisano. Akanakhala pa prasugrel akanadikira 7. Ndinamvanso kuti zikafika pothina, wodwala akuoneka kuti safika mawa, sadikira konse. Amangokonzeratu magazi oonjezera n'kulowa naye.

Masiku asanu amenewo sindinagone bwino. Bambo akatsokomola ndinkadzuka. Ndinali nditamvetsa tsopano kuti mbali zonse ziwiri kuli dzenje, magazi akaundana msanga tataya munthu, akachedwa kuundana tatayanso munthu, ndipo madokotala akungoyenda nawo pamzere wopyapyala wa pakati.

Za m'fiyeta ndinazimva pambuyo pake. Amaimitsa mtima, makina n'kumagwira ntchito ya mtima ndi mapapo. Koma magazi akakhudza mapaipi a pulasitiki amafuna kuundana nthawi yomweyo, choncho asanalumikize makinawo amathira heparin wambiri, woti munthu atadzicheka ali naye m'thupi magazi sangaleke. Akamaliza kusoka amathira mankhwala ena, protamine, amene amazimitsa heparin uja m'mphindi zochepa. Namwino wina anatiuza kuti heparin amachokera m'matumbo a nkhumba, protamine ku umuna wa nsomba. Bambo, chifuwa chili chomangidwa ndi waya, anayesa kuseka koma zinawapweteka. Anangoti: "Musakawauze a kusesheni."

Chimene ndinaona ndi maso anga ndi mapaipi awiri otuluka pansi pa chifuwa, akudonthezera m'chigubu pansi pa bedi. Ola lililonse namwino ankagwada, kuyang'ana pamene magazi afika, kulemba. Nanenso ndinaphunzira kuyang'ana chigubu ndisanayang'ane nkhope ya bambo. Kudontha kutachepa, m'mawa mwake, asipirini anabwereranso. Mtsempha wa kumwendo uja unazolowera magazi oyenda mwaulesi. Ukaikidwa pamtima umakhala mlendo, ndipo milungu yoyambirira ndi pamene umatha kutsekeka mosavuta. Asipirini ameneyo ndi wa moyo wonse, pokhapokha dokotala atasintha.

Tikanabwerera kumudzi ndi timapiritsi tiwiri tomwe tija, nkhani ya makoswe sikanakhalapo. Koma tsiku lachitatu chichitikireni opaleshoni, mtima unayamba kugunda mosalongosoka, ngati ng'oma ya mwana wongophunzira kumene. Anati zimachitikira pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse ochitidwa opaleshoni imeneyi, ndipo ambiri zimawathera zokha. Za bambo zinkapita n'kubweranso, kenako zinakhazikika. Mtima ukamagunda chonchi, zipinda zake zam'mwamba zimangonjenjemera osafinya bwino, magazi amadikha pakona, ndipo kachibuma kakapangika pamenepo kamatha kukatseka mtsempha wa mu ubongo. Ndiyo sitiroko imene timaiona m'midzi, munthu kufa mbali imodzi, kamwa kupindika. Kwa vuto limeneli asipirini sakwanira. Anawayambitsa warfarin, n'kuchotseratu clopidogrel, chifukwa atatu pamodzi akanachulukitsa ngozi yotaya magazi.

Anthu amawatcha mankhwala osungunula magazi, ndipo dzina limeneli latisokoneza kwambiri pakhomo pathu. Bambo atangomva kuzizidwa ankati magazi asanduka madzi. Azakhali ankabwera ndi chidede ndi masamba a mapeyala owiritsa kuti awabwezeretse magazi. Chonsecho magaziwo sasungunuka, sachepa, kulemera kwake n'komweko. Amangochedwa kuundana basi. Warfarin sakhudza mapulateleti. Iye amapita kuchiwindi, kumene thupi limagwiritsa ntchito vitamini K popanga zomangira magazi, n'kukachepetsa liwiro la ntchito imeneyo. N'chifukwa chake satha kugwira tsiku lomwelo, amatenga masiku angapo, ndipo ukamusiya amatenganso masiku angapo kuti achoke.

Mulingo wake sufanana kwa anthu awiri. Amaupeza poyeza magazi, muyeso wotchedwa INR. Munthu wosamwa mankhwalawa amakhala cha pa 1. Bambo anawauza kuti azikhala pakati pa 2 ndi 3. Kutsika pansi pa 2, sitiroko yayandikira. Kukwera kwambiri, magazi angatuluke pena paliponse, ngakhale m'mutu. Poyamba tinkayezetsa mlungu uliwonse, zitakhazikika mwezi uliwonse. Makina ake sapezeka pa chipatala chilichonse, ndipo ife tinkapita ku Lilongwe, makilomita oposa 100 pa M1, munthu wachifuwa chosokedwa atapanikizika mu minibasi atakumbatira pilo. Pamzere ambiri anali achinyamata, atsikana ndi anyamata amene zilonda zapakhosi za paubwana zinawaonongera zitseko za mtima, n'kuikidwa zachitsulo. Kwa iwowo warfarin ndi wosasiya mpaka kalekale. Alipo mankhwala atsopano, rivaroxaban ndi apixaban, osafuna kuyezetsa INR, ndipo kwa vuto ngati la bambo amagwira, ngakhale kwa a zitseko zachitsulo aja saloledwa. Ife tinawakana chifukwa cha mtengo. Lero ndikawerengera thiransipoti ya anthu awiri, chakudya cha panjira ndi masiku amene ndajomba kuntchito, ndimaona kuti samu imeneyo ndinaithamangira.

Cholakwa changa chachikulu chinali cha ndiwo. Ndinawerenga kuti vitamini K amachuluka m'masamba obiriwira ndipo amafooketsa warfarin. Ndinafika kumudzi ngati wapolisi. Nkhwani ayi, mpiru ayi, bonongwe, chisoso, khwanya, kholowa, chigwada, repu, zonse ayi. Amayi anandiyang'ana nthawi yaitali n'kufunsa: "Nanga aphunzitsi azidyera chiyani nsima?" Ndinati nyemba, usipa, mazira. Munthu wa zaka 67 amene anakulira nkhwani wotendera, amene dimba lake kudambo ndilo linkadyetsa theka la mudzi. Anamvera milungu isanu. INR inakwera, a chipatala anatsitsa mulingo wa mankhwala. Kenako mvula inagwa, maungu anayala, ndipo bambo anayamba kukhala ndi zifukwa zambiri zokachezera alongo awo nthawi ya nkhomaliro. Ulendo wotsatira INR inali 1.4.

A kiliniko amene anationa tsiku limenelo anali mayi wachikulire, wolankhula Chichewa cha kwathu konkuno. Anafunsa bambo mwaulemu ngati asintha kadyedwe. Bambo anayang'ana kudenga. Ine ndinafotokoza monyadira za lamulo langa. Mayiwo anavula magalasi. "Achemwali, ndani anakuuzani kuti muwaletse masamba? Munthu wa mtima ndiye wofunika masamba. Ife timalinganiza mankhwala ndi mbale yawo. Inu mukasinthasintha mbale, ife tilinganiza ndi chiyani?" Anati adye monga amadyera masiku onse, chipande chomwecho, dzinja ndi chilimwe, masamba akasowa pakhale mfutso. Choopsa n'kukhala mwezi osalawa, kenako mlungu wathunthu mphika wonse. Pobwerera bambo sananene kanthu mpaka pa Mponela. Pamenepo anagula mpiru wa pamsewu mitolo iwiri n'kundipatsa kuti ndinyamule.

Panalinso kachisokonezo ka maina. Mapiritsi a ku India atayamba kutha tinagula ena kuno, ndipo kwa mlungu wathunthu bambo ankamwa Ecosprin ndi asipirini pamodzi, osadziwa kuti ndi chinthu chimodzi. Warfarin watsopano anabweranso ndi mtundu wina. Kuyambira pamenepo tinasiya kunena kuti kofiira kaja, koyera kaja. Timawerenga dzina ndi mamiligalamu.

Tsopano za mwendo. Kumene anachotsa mtsempha kumatupa miyezi ingapo, makamaka madzulo, ndipo anatichenjeza kale kuti tisadabwe, azingouika pamwamba akakhala. Azakhali sanakhutire. Kwa iwo mwendo wotupa ndi magazi oipa ofunika kutulutsa. Ndipo zinthu zitatu zinakumana mlungu umodzi popanda wina kuuza mnzake. Bambo anali ndi chifuwa, amayi anawapatsa bakitirimu wotsala wa iwo. Msana unkawawa, anatuma mwana pa okala kukagula bufeni. Loweruka masana, amayi ali ku chigayo, azakhali anabwera ndi lezala latsopano ndi kansupa kawo n'kuwatema mphini zisanu ndi zitatu pa kakolo.

Mphini ndi kabala kakang'ono, tonse tinatemedwapo tili ana, magazi ake amaleka usanamalize kulira. Za bambo sizinaleke. Amayi anamanga chitenje, chinanyowa. Anamanga china. Pofika usiku anandiimbira, ndinawauza kuti afinye pabalapo osasiya ndipo mwendo ukhale m'mwamba, ine n'kuyamba kusaka galimoto. Tili m'njira m'bandakucha, bambo anandiitana chapansipansi. "Mayi, pali china. Masiku awiri tsopano, kuchimbudzi kukutuluka zakuda bii, ngati phula." Anachita manyazi kuuza akazi awo, anachita manyazi kuuza mwana wawo wamkazi, mpaka anaona chitenje chachitatu.

INR inali 6.8. Chakuda chija anali magazi otuluka m'mimba. Anaimitsa warfarin ndi asipirini kwa masiku, anawaonjezera magazi amene mchimwene wanga anapereka, ndipo mankhwala obwezera mphamvu ya warfarin amene anawapatsa anali vitamini K, yemwe uja wa mu nkhwani amene ine ndinkamuthamangitsa pakhomo. Dokotala anandilembera pakapepala. Bakitirimu ndi flagyl amachititsa kuti warfarin achuluke mphamvu m'thupi. Rifampicin, wa m'mankhwala a TB, amachita zosiyana, amamufooketsa. Bufeni, indosidi ndi diclofenac amakanda m'mimba, ndiye pamwamba pa warfarin ndi asipirini ndi kuthira palafini pamoto. Ululu ukabwera, panado, pa mulingo wake. Mowa wambiri ayi. Kamfuno wosaleka, mkodzo wofiira, nkhama zotuluka magazi, mutu wowawa modabwitsa, kapena kugwa n'kumenyetsa mutu ngakhale osaoneka bala, kuchipatala tsiku lomwelo.

Azakhali ndinawakwiyira milungu iwiri, moni wokha. Koma pali chinthu chimene ndimachiganizira ndikagona. Pakanapanda mphini zija, magazi a m'mimba aja akanapitirira mwakachetechete, bambo ali chete ndi manyazi awo, mwina mpaka kukomoka kumunda. Lezala la azakhali ndilo linaulula. Sindinawauzepo zimenezi, ndipo sindikuganiza kuti ndidzawauza, chifukwa mawa lake adzabwera ndi lezala lina.

Ndiye mukuona chifukwa chake nkhani ya mdzukulu uja inawakomera. Kwa iwo mlandu unali utatha: si mphini zawo, ndi poizoni wathu. Anafika pakhomo kuti atenge kapaketiko akakataye m'chimbudzi, amayi anakabisa m'nkhokwe. Azakhali akamva za makoswe amaganiza za tameki wa pamsika, wopha nthawi yomweyo, amene ndi chinthu china kotheratu.

Bambo anati nkhaniyi aithetsa okha. Anandituma kuti ndiwapezere mbiri yonse, ndipo Lamulungu titaweruka ku tchalitchi anatikhazika pansi pa mtengo wa mango, iwo pampando wa ndalema, mwendo uli pa mtondo. Anayamba ndi ng'ombe, podziwa anthu awo. M'zaka za m'ma 1920, ku America ndi ku Canada, ng'ombe zinkafa ndi kutaya magazi zikathenedwa kapena kudulidwa nyanga. Anapeza kuti zinkadya udzu wina wosungidwa umene unachita nkhungu. Mu 1933 mlimi wina anafika ku yunivesite ya Wisconsin ndi ng'ombe yakufa komanso chitini cha magazi osaundana, n'kukumana ndi katswiri wotchedwa Karl Paul Link. Kuchokera mu udzu wovunda umenewo, Link ndi anzake anapeza chimene chinkaletsa magazi kuundana, ndipo mu 1948 anatulutsa warfarin ngati mankhwala a makoswe. Mu 1954 analoledwa kwa anthu. Chaka chotsatira, pulezidenti wa America, Dwight Eisenhower, atadwala mtima, anapatsidwa mankhwala omwewa.

Azakhali anamvetsera zonse manja ali pachifuwa. "Chabwino alongo, ndamva. Nanga bwanji khoswe amafa, inu osafa?"

"Khoswe sayezetsa INR," anatero bambo.

Ana anaseka, amayi anabisa kamwa ndi chitenje. Azakhali sanaseke. Mpaka pano sakhulupirira kwenikweni, ndipo akamabweretsa nkhwani amauika pakhonde n'kunena kuti uwu ndiye mankhwala enieni. Amayi amalandira, n'kuwapakulira aphunzitsi chipande chimodzi monga dzulo ndi dzana.

Bambo anagula kope la mizere, analigawa ngati kaundula wa kalasi, ndipo 6 koloko iliyonse madzulo amamwa warfarin n'kuchonga. Tsamba loyamba la kabuku ka kuchipatala analembapo ndi cholembera chofiira, zilembo zikuluzikulu, kuti ndimamwa warfarin ndi asipirini. Dzino lakumapeto layamba kugwedera, ndipo nthawi ino sanayese n'komwe za ulusi ndi chitseko. A mano anati akufuna aone INR ya mlungu womwewo asanaligwire, ndipo asasiye mankhwala paokha. Ndiye Lachinayi tikudzukanso 4 koloko. Fodya sanalowe ku okushoni, ya minibasi yakweranso, ndipo kunja kukuoneka ngati kugwa mvula. Amayi akulunga kale kabuku kaja m'jumbo ya shuga.